Zimene Munachotsazo Zili Kuti?

Pansi pa kauntala m'golosale mwanga pa Lizulu pali katoni ya sopo imene mayi a kunyumba andiuza kangapo kuti ndiitaye. Mkati mwake muli sipika imodzi, hutala ya mawu atatu, alarm ndi rimoti yake, ndi mtolo wa mawaya okulungidwa tepi yakuda. Zonsezi zinali pa njinga yanga yamoto. Ndinkagula chimodzichimodzi, mwezi uno ichi, mwezi wamawa icho, ndipo tsiku limene ndinaganiza zogulitsa njingayo ndinaziwerengera zonse pa mtengo, mpaka ndalama imene ndinalipira amakaniko pozimangirira.

Patatha sabata chigulitsireni, mwana wa bambo amene anagula uja anabwera ndi katoniyo n'kuiika pa kauntala. Anati, "Bambo akuti izi sanagule. Akuti ndi zanu."

Sanandinyoze, ndipo sanafune kuti ndibweze ndalama ina iliyonse. Anangobweza zimene sanagule. Kuyambira tsiku limenelo nkhaniyi sinandichoke m'mutu, moti ndikaona mnyamata pa siteji atagwira lumo kuti adule waya wa njinga yatsopano, mtima umandiuza kuti ndipite ndikamugwire dzanja.

## Njinga ziwiri, tsiku limodzi

Ine ndi alamu anga tinagula njinga tsiku limodzi, mu shopu imodzi ku Lilongwe, kumayambiriro kwa 2022, kwacha isanagwe ndi 25 peresenti mu Meyi muja. Zonse ziwiri zinali zofiira, za ku China, injini 150. Anzathu ambiri kuno amakatenga ku Ulongwe, poti malire tili nawo pakhomo: ukangowoloka M1 pa Lizulu pano, waponda Mozambique. Ife tinafuna za mapepala onse, bulubuku ndi nambala, kuti tisamazembe apolisi a pamsewu komanso kuti tsiku logulitsa tisadzavutike. Ndiye kuti za kugulitsa ndinaziganizira kuyambira pachiyambi. Ndinkayesa kuti bola bulubuku ilipo, mtengo ndautchinjiriza.

Alamu amalima kabichi ndi kachewere cha ku Mlanda. Njinga yawo sinkagona m'nyumba ayi, inkagwira ntchito. Koma iwo sanasinthe kanthu. Oyilo akada, kuthira wina. Tayala likatha, kugula lina la saizi yomweyo. Tcheni chikakhwepa, kusintha pamodzi ndi masipuloketi ake, zitsulo za mano zimene tcheni chimayendapo. Ngakhale masitika a kufakitale pa thanki sanawamatule. Ine ndinkawauza kuti, "Alamu, njinga yanuyi ikuoneka ngati ilibe mwini." Iwo ankangoseka n'kunena kuti imawafikitsa.

## Chilichonse chinali ndi chifukwa chake

Wina asaganize kuti ndinkangoseweretsa ndalama. Amene anayendapo pakati pa Lizulu ndi Bembeke m'mamawa wa Juni kapena Julayi akuchidziwa chifunga cha kumeneko. Umaona masitepe ochepa kutsogolo, ndipo lole yochokera ku boda ya Dedza imakuzindikira itakufika kale. Ndinaika magetsi anayi owonjezera chifukwa ndinkafuna kubwerera kunyumba wamoyo.

Matumba a kachewere a kuno mukuwadziwa, aja osokerera pamwamba mpaka kutalika ngati munthu. Keriyala ya kufakitale ndi yonyamulira chikwama, si thumba lotero. Wowotcherera wina anandipangira yaitali, yopitirira getsi lakumbuyo, n'kuiwotcherera pa fulemu penipeni kuti isamagwedere. Anawonjezeranso mashoku awiri, onse pamodzi kukhala anayi. Poti njira za ku Tsangano ndi mitunda yokhayokha, tinachotsa sipuloketi yakumbuyo ya mano 41 n'kuika ya mano 45 kuti izikoka.

Masipika ndi hutala anapempha ndi mnyamata amene ankayendetsa kabaza masana ine ndili m'golosale. Ananena zoona: pa siteji pakaima njinga khumi, kasitomala amapita pa imene yamukopa maso ndi makutu.

Ekizozi yokha ndinachita kuifuna ndekha. Makaniko anachotsa ya kufakitale n'kuika yaifupi, yopanda zotsekereza mkati. Kulira kwake ndinkakukonda, ndipo ana kunyumba ankathamangira kumsewu ndisanakhote n'komwe. Tsiku lomwelo anachotsanso bokosi la fyuluta ya mpweya n'kuika kafyuluta kakang'ono koonekera panja, akuti injini izipuma bwino. Ekizozi yakale, bokosi lija, keriyala ya kufakitale ndi sipuloketi, zonse ndinazisiya pa galaja pomwepo. Maganizo oti ndizitenge sanandibwerere.

Pomaliza inabwera penti. Njinga itagwa pa matope nthawi ya dzinja thanki inakalika, ndiye ndinati m'malo mozigamba ndipentetse yonse yakuda, ndi mizere yagolide m'mbali. Pa Lizulu panalibe ina yofanana nayo.

## Mtengo umene ndinalemba

Mu Novembala 2023 kwacha inagwanso, ulendo uno ndi 44 peresenti. Ndalama imene ndinkaodera katundu wodzaza mashelefu inayamba kubweretsa theka. Mwana wanga wamkazi ankayenera kuyamba koleji Januwale. Ine ndi mayi ake tinakhala pansi usiku wina n'kuona kuti chimene chingatuluke pakhomo popanda kutseka golosale ndi njinga.

Sindinade nkhawa kwenikweni. Njinga zatsopano zinali zitakwera kwambiri, ndipo zogwiritsidwapo kale ntchito zinkatsatira pambuyo. Ndinatenga cholembera, n'kulemba mtengo umene njinga za zaka ziwiri zinkapita, pansi pake n'kuyamba kuphatikiza: magetsi, masipika, keriyala, mashoku, ekizozi, alarm, penti. Chiwerengero chimene chinatuluka chinkakwana fizi ndi kutsalako ya oda.

Masabata awiri njinga inaima kutsogolo kwa golosale ndi chikwangwani. Anyamata a pa siteji ankabwera, kuizungulira, kuiliza, kukweza wailesi. "Iyi ndiye njinga, bwana." Koma ukafika pa ndalama, aliyense ankafuna kupereka pang'onopang'ono, kapena kusinthana ndi yake n'kuwonjezera kangachepe. Amene ankaoneka kuti ndalama ali nayo m'thumba ankaiyang'ana mwachidule, kufunsa funso limodzi kapena awiri, n'kutsanzika mwaulemu. Ine ndinkati ndi nyengo, anthu ndalama zapita ku feteleza.

## Musailize mpaka ndifike

Uthenga unabwera ndi kasitomala wina. Kuli bambo ena cha ku Njolomole akufunira mwana wawo njinga, abwera mawa m'mamawa, koma akuti musailize mpaka afike.

Anafika dzuwa lisanawombe bwino, tsiku la msika, amayi akutsitsa madengu a tomato m'mbali mwa msewu. Anali munthu wa imvi, atavala jekete lalikulu. Mwana wawo, mnyamata wa zaka za m'ma 20, maso anali kale pa masipika. Bambowo anandipatsa moni wa manja awiri, kufunsa za kunyumba, za mvula, za bizinesi. Atatha anapita pa njinga, ananyonyomala, n'kugunditsa kuseri kwa dzanja pa injini. Inali yozizira. Anagwedeza mutu kuvomereza. Pambuyo pake ndi pamene anandiuza kuti anakhala zaka zambiri akukonza njinga za alangizi, ma Yamaha AG ndi DT ndi ma Honda XL, ndipo kuti injini yotentha imabisa zambiri: kuvuta kudzuka, utsi woyamba, ndi kugogoda kwa mkati.

Penti sanaiyang'ane. Anatulutsa sipanala m'thumba la jekete, kupempha chilolezo, n'kumasula mpando ndi chivundikiro cha m'mbali. Ine ndinali ndisanayang'anemo kwa miyezi yambiri.

"Bambo, waya uyu akupita kuti?"

"Ku magetsi a kutsogolo."

"Nanga uyu?"

"Ku sipika. Kapena ku alarm."

Anakhala chete pang'ono, akutsatira wayayo ndi chala mpaka pamene anasowera pansi pa thanki. Kenako anaitana mwana wawo kuti ayandikire, ndipo zimene ananena ankauza iyeyo, koma zinkandilowa ine.

"Taona. Wobiriwira uyu ndi wa pansi. Wofiira akuchokera ku batire. Wakuda amalandira moto ukatsegula kiyi. Makaniko aliyense, kaya pa Chimbiya, kaya pa Kampepuza, kaya ku Golomoti, akatsegula apa amawerenga mitundu imeneyi ngati kalata. Koma awa," anagwira mawaya oyera, aja timalumikizira magetsi m'nyumba, "amawadziwa ndi munthu mmodzi yekha, amene anawalumikiza. Njinga ikakuzimira usiku ku Kasinje, munthu ameneyo ukamupeza kuti?"

Anawerenga malo amene waya anadulidwa n'kumangidwa tepi. Anakwana asanu ndi anayi. Tepi ina inali itamatuka, mkuwa mkati utasanduka wobiriwira ndi chinyezi. Atatsegula kabotolo ka fyuzi anapeza mulibe fyuzi, muli kawaya kopiringiza. Apa ndinakumbuka. Titangoika masipika fyuzi inkapsa sabata iliyonse, ndiye makaniko anati tingoika kawaya kuti vuto lithe.

"Fyuzi imapsa kuti njinga isapse," anatero bambowo. "Batire ili ndi lachingati?"

"Lachitatu."

Sanadabwe. Koyilo ya mu injini imapanga moto wokwanira zimene fakitale inaika, ndi kapang'ono kodzazira batire. Ukaunjikapo magetsi anayi, masipika awiri, hutala yaikulu, ndi alarm imene imamwa moto ngakhale njinga itagona, batire silikhuta. Ine ndinkati mabatire a masiku ano ndi achabechabe.

Atachoka pa mawaya anapita kumbuyo. Analowetsa dzanja pansi pa keriyala, kupala matope ndi chikhadabo, kupukuta ndi mpango, n'kundiitana.

"Tabwerani muone, bambo."

Ndinagwada pambali pawo. Pafupi ndi pamene anawotcherera panali kamzere kopyapyala ngati tsitsi, kofiirira ndi dzimbiri, kozungulira theka la chitsulo cha fulemu. Zaka ziwiri ndikukwera njinga imeneyo, kunyamulapo mayi a kunyumba ndi mwana wamng'ono pakati, sindinakaonepo.

"Chitsulo cha fulemu n'chopyapyala. Mukachiwotcha, chimafooka m'mbali mwa chowotchereracho. Kenako mwasenzetsa katundu kumapeto kwenikweni kwa keriyala, pa mabampu." Anaimirira n'kupukuta manja. "Komanso keriyala iyi yandiuza kale zimene njingayi inkanyamula. Kilatchi, mabering'i, masipoko, zonsezo zinasenza nawo."

Mawu amenewo anandilasa. Ine ndinkaona keriyala ngati katundu wowonjezera amene wogula alandire. Iwo ankaiona ngati mboni.

Anamasula pulagi n'kuiika pa chikhatho. Kunsonga kwake kunali koyera ngati phulusa la chikuni chouma. Anati ya injini yathanzi imakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka. Ukatsegula ekizozi ndi fyuluta, mpweya umalowa wambiri, koma kabuleta ikupereka petulo yemwe uja wakale, poti jeti, kabowo kamene petulo amadutsira, sinasinthidwe. Injini imayamba kutentha mopitirira, ndipo oyamba kuvutika ndi mavavu. Kuno kumtunda zimabisika pang'ono, chifukwa Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 ndipo mpweya wake ndi wopepuka komanso wozizira. Koma ukatsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti ndi Mtakataka mu Okutobala, injini yotere imapsa mtima. Ndinakumbuka maulendo awiri amene njinga inafooka pokwera pobwerera, mpaka kuima kuti izizire. Za kafyuluta kaja anangokagwira n'kundionetsa fumbi pa chala. Fumbi limene ladutsa pamenepo limakathera pa pisitoni ndi maringi.

Anabwezera pulagi, n'kuponda kiki okha. Inadzuka kachitatu, ndi kautsi kabuluu kamene kanatha patapita kanthawi. Anaisiya ilire, mutu ataupendeketsa, koma posakhalitsa anaizimitsa.

"Ekizozi iyi ikundiletsa kumva injini."

Anawerenganso mano a sipuloketi ndi chala, mmodzimmodzi. Atapeza 45 anauza mwana wawo kuti mita imawerenga kuchokera ku tayala lakutsogolo, ndiye makilomita amene akuoneka ndi oona, koma injini inazungulira kuposa pamenepo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi pa ulendo uliwonse.

Pomaliza anapempha bulubuku. Anafananiza nambala ya fulemu, kufananiza ya injini, zonse zinagwirizana. Chala chawo chinaima pa mzere wa mtundu.

"Apa alemba yofiira."

"Ndinapentetsa, bambo. Inangokalika thanki."

"Ine ndakukhulupirirani, poti ndikukuonani ndipo golosale yanu ndi iyi. Wapolisi pa rodibuloko sakudziwani. Ndipo mwana wangayu akadzafuna kugulitsa, penti yatsopano imabweretsa mafunso awiri: kodi inachita ngozi, kapena ndi yobedwa."

Anapinda bulubuku bwinobwino n'kundipatsa ndi manja awiri. Kenako anafunsa mofatsa, ngati akufunsa njira.

"Zimene munachotsazo zili kuti?"

Sindinamve msanga.

"Ekizozi yake, bokosi la fyuluta, keriyala, sipuloketi. Ngati munasunga, tikambirana mtengo wina."

Ndinaima pamenepo, msika ukusokosera kumbuyo kwanga, ndilibe choyankha. Zinthu zimene ndinazisiya pa galaja ngati zinyalala ndi zimene munthu wa ndalama m'thumba ankazifuna, ndipo zimene ndinazigula modula sankaziwerenga n'komwe.

## Masamu awo

Anabwereka cholembera changa chomwe chija, n'kulemba kuseri kwa katoni. Pamwamba anaika mtengo wa njinga ya zaka ziwiri yosasinthidwa, ndipo unali wofanana ndi umene ine ndinayambira. Kusiyana kwake, ine ndinkaphatikiza, iwo ankachotsera. Mtolo watsopano wa mawaya onse. Batire. Ekizozi. Bokosi la fyuluta. Maringi ndi kupala mavavu. Kudula keriyala ndi kulimbitsa fulemu. Penti yofiira. Pansi pa zonsezo analemba ndalama ina, yoposa iliyonse ya pamwambapo, popanda dzina.

"Nanga iyi ndi ya chiyani?"

"Ya zimene sindinazione. Pamene padutsa manja ambiri chonchi, sindingaone zonse m'mawa umodzi."

Ndinati, "Koma bambo, magetsi awa, masipika awa, ndinagula ndi ndalama."

"Munagulira inu, ndipo akutumikirani. Mwana wangayu akufuna njinga yoti izidzuka m'mawa uliwonse. Ndalama iyi mayi ake atenga ku banki mkhonde."

Tsiku limenelo ndinakana, ndipo mtima unandiwawa. Masana ndinapita ku galaja kuja kukafunsa ekizozi yanga. Inali itapita kalekale, pamodzi ndi bokosi la fyuluta. Sindingamuimbe mlandu makaniko, chifukwa ndinazisiya ndekha osanena kanthu, ndipo zinapeza ena amene ankazifuna. Zimenezo zokha zinandiphunzitsa kuti zida za kufakitale zili ndi msika wake.

Ndinadikira masiku ena khumi. Panabwera anthu atatu, ndipo onse anatchula ndalama yochepera ya bambo aja. Tsiku lolipira fizi litayandikira, ndinawatumizira uthenga. Sanatsitse ngakhale kwacha imodzi pa zimene analemba kuseri kwa katoni, ngakhale ankadziwa kuti ndapanikizika. Chimenecho ndimawalemekeza nacho mpaka lero.

## Ya alamu

Alamu anagulitsa yawo nyengo yomweyo, pofuna kugula pampu yothirira kudimba. Inatha masiku atatu. Anagula ndi mphunzitsi wina, amene anabwera ndi makaniko wake, ndipo makanikoyo atatsegula mpando n'kupeza mawaya ali mmene anachokera ku shopu, nkhani inatsala ya matayala basi. Titafananiza, ndalama imene iwo analandira inaposa yanga ndi mtengo wa matumba anayi a feteleza wa nthawi imeneyo. Njinga za tsiku limodzi, shopu imodzi.

Pamwamba pa matumba anayiwo muwonjezere zonse zimene ndinawononga pokongoletsa. Ndinalipira poika, n'kulipiranso pochotsa.

Chimene chinandivuta kufotokozera anzanga n'chakuti kugwa kwa kwacha kunabisa zonsezi. Ndalama imene ndinalandira inali pafupi ndi imene ndinagulira mu 2022, ndiye ambiri ankati ndachita mwayi, ndakwera njinga zaka ziwiri mwaulere. Pakanapanda njinga ya alamu yofananitsira, mwina inenso ndikanakhulupirira. Ndikuganiza kuti anyamata ambiri amene agulitsa njinga zokongoletsa zaka zimenezi sakudziwa kuti anataya zingati, chifukwa nambala ya makwacha inkaoneka yaikulu.

## Amene amasirira ndi amene amagula

Ndakhala ndikuziganizira ndili pa kauntala, ndikuyang'ana siteji. Amene amakonda magetsi amitundumitundu ndi ekizozi yaphokoso ndi anyamata oyendetsa, ndipo ambiri mwa iwo njinga si zawo, amapereka ndalama kwa bwana madzulo. Amene amabwera ndi ndalama yathunthu ndi makolo, aphunzitsi, azaumoyo, alimi amene angokolola, ndi mabwana ogulira anyamata. Amenewa safuna kudabwitsa anthu. Amafuna njinga yoti ikawonongeka pa Biriwiri kapena pa Linthipe, sipeya apeze mu shopu yoyamba ndipo makaniko woyamba aimvetse.

Njinga zimene zadzaza kuno, ma Lifo, ma King Lion, ma Sanlg ndi zinzake, mphamvu yake pa msika ndi kufanana. Zambiri injini zake zinatengera pulani ya Honda CG125 ya m'ma 1970, imene inapangidwira mayiko onga athu, kumene oyilo amachedwa kusinthidwa ndipo njinga imasenza banja lonse. Ndi chifukwa chake sipeya wake ali paliponse. Boxer ndi TVS za ku India nazonso zili ndi amakaniko ake ozizolowera. Ukaisintha kuti isafanane ndi ina iliyonse, wachotsa chinthu chomwecho chimene wogula amadalira.

Sindikunena kuti kusintha kulikonse kumagwetsa mtengo. Matayala anga anali atsopano, tcheni chinalinso chatsopano, ndipo bambo aja sanachotsere kanthu pamenepo, pomwe alamu wogula wawo anawachotsera ya matayala. Chitsulo choteteza miyendo anachisiya, poti chinali chomangidwa ndi mabawuti ndipo chinateteza injini tsiku limene njinga inagwa. Chikopa chimene ndinavindikira mpando anachivula, n'kupeza mpando wa pansi uli wosang'ambika, ndipo anakondwa. Ndikaziika pamodzi, zimene anazilandira ndi zimene zinkateteza njinga komanso zomasuka ndi sipanala. Zimene anazikana ndi zodula, zowotcherera ndi zoboola, zimene sungabweze popanda kusiya chipsera.

Keriyala ija nkhani yake ndi yovutirapo. Inandipangira ndalama, sindingakane. Maulendo a kachewere ochokera ku Tsangano analipira keriyalayo kambirimbiri. Mwinanso akanabwera wogula wa bizinesi yomweyo akanaikonda. Koma wogula woteroyo ndi mmodzi pa ambiri, ndipo munthu wogulitsa chifukwa cha fizi alibe nthawi yomudikira. Ndikanakhala kuti ndikuyambiranso, keriyala ndikanaika ndithu, koma yomangira pa mabawuti a kufakitale, ndipo yakaleyo ndikanaipachika kudenga. Magetsi a chifunga ndikanaikanso, awiri okha, pa waya wawowawo wochokera ku batire, wa fyuzi yakeyake, osakhudza mtolo wa kufakitale. Ekizozi ndi fyuluta sindikanazigwira.

Choopsa kuposa zonsezi ndachiona kwa mnzanga amene anachotsa injini ya 125 n'kuika yaikulu yogula kwa munthu. Njinga inkathamanga, koma nambala ya injini sinkagwirizananso ndi bulubuku. Pofuna kugulitsa, aliyense wofuna kusintha umwini ku Road Traffic ankabwerera pomwepo. Inathera kwa munthu wa kumudzi kwenikweni, kumene mapepala safunsidwa, pa mtengo wa njinga yopanda mapepala.

## Katoni

Tsiku limene mnyamata uja anabweretsa katoni, ndinatuluka naye panja. Njinga inali itaima pamalo pomwe inkaima kale. Thanki inali yofiira. Keriyala yaitali inali itadulidwa, ndipo pamene panali mng'alu anaikapo kachitsulo kolimbitsa, kowotcherera bwino, kopakidwa penti yakuda. Mashoku anali awiri. Anandiuza kuti bambo ake anagwira ntchitoyo okha masiku anayi pakhonde, ndipo atatsegula injini anapeza vavu imodzi itayamba kupsa m'mphepete.

Magetsi anayi aja ndinawagulitsa kwa anyamata a pa siteji sabata yomweyo, pa mtengo wosafika theka la umene ndinagulira. Sipika imodzi inatengedwa ndi wometa tsitsi. Hutala ndi alarm palibe anazifuna, ndipo mawaya aja sindingapatse munthu.

Ndinamufunsa mnyamatayo ngati sakudandaula kuti masipika achoka. Anati poyamba anadandaula, koma tsopano amanyamula anamwino awiri m'mawa uliwonse, ndipo iwo anamusankha chifukwa njinga yake siboola m'makutu. Anavala chisoti, n'kuponda kiki kamodzi. Analowa mu M1 kulowera ku Ntcheu, ndipo atangopitirira pa amayi a tomato sindinaimvenso.